Timu ya atsikana ya Iowa popanda Caitlin Clark: nyengo ya 2024-25 iyenda bwanji?

Nachisale22:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Basketball ya m'makoleji ku America iyamba mu November 2024, ndipo aliyense wokamba za timu ya atsikana ya Iowa akungoti yatha basi. Caitlin Clark anatengedwa ndi Indiana Fever, Kate Martin ndi Las Vegas Aces, matimu a ligi ya akatswiri ya WNBA, Gabbie Marshall ndi Molly Davis nthawi yawo ya kukoleji inatha, mphunzitsi Lisa Bluder naye anapuma ntchito mu May atatsogolera timuyi zaka 24. Kodi timu yofika mu fainolo zaka ziwiri zotsatizana ingagwe mpaka pati? Ilowa n'komwe mu mpikisano wa dziko lonse wa mu March, wa bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji la NCAA?

BoxOutChe:
Kulowa ilowa. Kufika Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza, iwalani.

Kamtedza:
Tiyambe ndi masamu tisanakangane. Nyengo yatha ya 2023-24 Iowa inapambana magemu 34, inagonja 5, ndipo imagoletsa mapointi 91 pa gemu, kuposa timu ina iliyonse mu Division I, gawo lapamwamba la makoleji. Pa 91 amenewo, 31.6 anali a Clark yekha, pafupifupi 13 a Martin. Mukaphatikiza a Marshall ndi Davis, mapointi oposa theka achoka. Koma chowawa kwambiri si mapointi ayi. Clark amapatsiranso mipira yogoletsera 8.9 pa gemu. Ndiye kuti ngakhale mapointi a otsalawa, ambiri amachokera m'manja mwake. Hannah Stuelke akathamanga kukafika pansi pa ring, mpira umamupeza ali kale mlengalenga. Funso ndi lakuti mpira umenewo aponye ndani tsopano.

MwanaWaPaint:
Mwaiwala Lucy Olsen, yemwe wangosamukira ku Iowa, achimwene. Mapointi 23.3 pa gemu ku Villanova, wachitatu m'dziko lonse, pambuyo pa Clark ndi JuJu Watkins. Amenewo si masewera.

Kamtedza:
Sindinamuiwale. Koma 23 si 31, ndipo kagoletsedwe kawo n'kosiyana kwambiri.

PickNdiRoll:
Apa a Kamtedza akunena zoona, ndipo ndi pomwe pagona nkhani yonse. Clark anamwetsa ma three (mipira ya mapointi atatu yoponyera kunja kwa mzere) 201 nyengo yatha, ambiri ali kutali ndi mzere, ena pafupi ndi logo ya pakati pa bwalo. Zimenezo zimakakamiza womutchinga kuti amutsatire kuyambira pakati pa bwalo. Akaikiridwa screen (mnzake kuima n'kutsekereza womutchinga), wamtali wa timu inayo amayenera kutuluka kukathandiza, nthawi zambiri awiri kumuunjirira. Clark akangoutulutsa mpira, kumbuyoko kumatsala anayi a Iowa kulimbana ndi atatu. Ndi mmene Martin amapezera njira, ndi mmene Marshall amapezekera ali yekha pakona.

Olsen malo ake ndi apakati, mamita anayi kapena asanu kuchokera pa ring. Amadutsa pa screen, kugunda mpira kawiri, kuima, kuponya. Amachita bwino zedi, koma matimu ambiri amalolera kuponyeredwa pamenepo. Wamtali wawo amangobwerera m'mbuyo n'kudikira pansi pa ring, zomwe amati drop, ndipo enawo sachoka pa anthu awo. Werengani nokha: woponya ma two n'kumalowetsa 45 pa 100 aliwonse akupereka 0.9 pa kuponya kumodzi, pomwe woponya ma three n'kumalowetsa 35 pa 100 akupereka 1.05. Choncho Olsen akhoza kugoletsa 20 koma anzake osapeza mpata ngati kale. Kuti zinthu ziyende, ayenera kuchita chimodzi mwa ziwiri: kuponya three womutchinga akadutsa kunsi kwa screen, kapena kuboola mpaka pa ring kuti apeze ma free throw, mipira yoponya osatchingidwa akakuchitira foul.

MwanaWaPaint:
Ku Villanova analibe omuthandiza, ndiye amaponya mipira yovuta. Maddy Siegrist atapita ku WNBA mu 2023, katundu yense anagwera iye, ndipo mapointi ake anakwera kuchoka pa 12 n'kufika pa 23. Ku Iowa apeza oponya bwino omuzungulira, zinthu zimuphwekera.

Ndaziona_7:
Zoona, komanso Villanova imasewera modekha, kudya nthawi pa shot clock, wotchi yowerenga nthawi yomwe timu ili nayo kuti iponye. Iowa imathamanga. Kusintha kumeneko sikuchitika sabata imodzi. Point guard (woyendetsa mpira) wozolowera kuyenda ndi mpira akauzidwa kuti aziuponya kutsogolo m'masekondi atatu oyamba, mipira yambiri imathera m'manja mwa adani mpaka atadziwa liwiro la aliyense. November ndi December muyembekezere ma turnover ambiri.

Nachisale22:
Nanga Jan Jensen, wolowa m'malo mwa Bluder, mukumuona bwanji? Aka n'koyamba kukhala mphunzitsi wamkulu.

GogoWaZone:
Asisi, pa Jensen musade nkhawa kwambiri. Wakhala pambali pa Bluder ku Iowa kuyambira 2000, ndipo asanabwere kumeneko anali limodzi ku Drake. Iyeyo ali wosewera ku Drake anatsogolera dziko lonse pogoletsa mu nyengo ya 1990-91. Ntchito yake yaikulu zaka zonsezi yakhala yophunzitsa aatali osewera pansi pa ring. Megan Gustafson, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa m'dziko mu 2019, anadutsa m'manja mwake. Monika Czinano chimodzimodzi. Onsewo kachitidwe kawo kanali kamodzi: kupeza malo mpira usanabwere, kutsekera womutchinga kumbuyo ndi thupi, kulandira mpira m'mwamba, kuponya osaugunda pansi. Ndiye ine ndikuona kuti Iowa ibwerera ku masewero olowetsa mpira mkati, monga zinalili Clark asanabwere.

BoxOutChe:
Mkati mwake muli ndani? Stuelke ndi wa mamita 1.88 okha. Tinaona zomwe South Carolina inachita mu fainolo.

Kamtedza:
Gemu imeneyo iyenera kukhala phunziro loyamba la Jensen. South Carolina inapambana 87-75, koma onani ma rebound, mipira yotola wina akaphonya: 51 kwa 29. Kamilla Cardoso, wa mamita 2.01, anatola 17 yekha. Osewera olowa m'malo a South Carolina anagoletsa 37, a Iowa sanagoletse ngakhale imodzi. Clark anagoletsa 30, 18 mwa iwo m'kota yoyamba, n'chifukwa chake gemu inaoneka ngati yolimbanirana. Chaka chino palibe wobisa mabowo amenewo.

GogoWaZone:
N'chifukwa chake nkhani yaikulu ya nyengo ino kwa ine ndi malo a Stuelke, osati Olsen. Njira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Akamusiya pa 5, malo a wamtali wa pansi pa ring, ngati chaka chatha, amakumana ndi atsikana aatali koma olemera miyendo. Iye amawasiya pa liwiro. Timu ikangotola rebound, amathamanga pakati pa bwalo molunjika ring ndipo amafika womutchinga asanadutse pakati. Mapointi 47 omwe anagoletsa pa gemu ya Penn State mu February ambiri anabwera choncho, ndiponso 23 omwe anapatsa UConn mu semifainolo yomwe Iowa inapambana 71-69. Anayi enawo amaima kunja kwa mzere wa three, mkati n'kukhala mwa iye yekha. Vuto lili potchinga. Akakumana ndi Lauren Betts wa UCLA, yemwe ndi wa mamita 2.01, kapena Audi Crooks wa Iowa State ndi mphamvu zake zija, ayenera kuima kutsogolo kwawo n'kudalira thandizo lochokera kumbuyo. Akachedwa pang'ono ndi foul. Ma foul asanu watuluka, ndipo aphunzitsi ambiri amakhazika pansi wosewera akapanga awiri m'theka loyamba.

Akamusunthira pa 4, malo a wamtali wachiwiri, n'kuika Addison O'Grady kapena Ava Heiden watsopanoyu pa 5, onse a mamita pafupifupi 1.93, ma rebound ndi kutchinga zimakonzeka. Koma Stuelke tsopano akutchingidwa ndi munthu wa liwiro ngati lake, ndipo malo ake pansi pa ring mwaima mnzake. Amayenera kusewera high-low: iye kulandira mpira pa mzere wa free throw, wa pa 5 kutsekera munthu wake kumbuyo, mpira kudutsa pamwamba. Izi zimagwira pokhapokha womutchinga Stuelke akamaopa kuti aponya ali pomwepo. Akapanda kuopa, amabwerera masitepe awiri n'kutseka njira ya mpira, mkati n'kudzaza anthu anayi. Pamenepo ndi Olsen yemwe amavutika, chifukwa malo ake oponyera ndi omwewo.

PickNdiRoll:
Agogo mwafotokoza bwino. Ndiwonjezere kuti sizifunika kusankha njira imodzi nyengo yonse. Pa matimu a aatali ayambe ndi awiri, pa matimu othamanga Stuelke akhale pa 5 ndipo Sydney Affolter atsike pa 4. Affolter ndi wamfupi pa malo amenewo koma amatola ma rebound kuposa msinkhu wake. Analowa m'asanu oyamba Davis atavulala bondo pa 3 March pa gemu ya Ohio State, ndipo timu sinagwedezeke mpaka fainolo.

MwanaWaPaint:
Kusinthasintha kotere kumasokoneza ana. Wosewera adziwe ntchito yake.

PickNdiRoll:
Kumasokoneza ngati timu ikudalira maplay oloweza pamtima. Iowa imasewera read and react: ukapatsira mpira umathamangira ku ring, mnzako n'kudzaza malo ako, wina akaboolera kumanja, onse akunja amasuntha malo amodzi kulowera komweko, womutchinga akakutsekera njira ya mpira, umadutsa kumbuyo kwake. Malamulo ndi omwewo kaya mkati muli mmodzi kapena awiri. Chosintha ndi malo oimapo.

Tiyamike_WBB:
Pepani, ine ndangoyamba kumene kutsatira. Zikutheka bwanji kuti Olsen wachoka ku sukulu ina n'kuyamba kusewera pompo? Ndinamva kuti kale amadikira chaka.

Ndaziona_7:
Kale zinali choncho. Kuyambira 2021 NCAA inalola wosewera kusamuka koyamba osadikira chaka, ndipo chaka chino lamulo lafewetsedwanso kwa osamuka kachiwiri bola maphunziro ali bwino. Amalembetsa dzina mu transfer portal, makoleji ena n'kuyamba kulankhula naye. Mu July chaka chomwecho cha 2021 osewera analoledwanso kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope yawo, zomwe amati NIL. 

BoxOutChe:
Portal imeneyi ikuwononga masewera. Villanova inamulera mwana zaka zitatu, wakhwima, wapita. Makoleji ang'onoang'ono asanduka nazale ya akuluakulu.

Nachisale22:
Koma aphunzitsi amachoka nthawi iliyonse akapeza malipiro abwino, palibe amawadikiritsa chaka. Mwana yekha ndiye amangidwe?

BoxOutChe:
Mphunzitsi ndi wantchito, wosewera ndi mwana wasukulu. Onani USC: anali kale ndi Watkins, awonjezera Kiki Iriafen wochokera ku Stanford. Ena apikisana nawo bwanji?

Ndaziona_7:
South Carolina inamaliza 38-0 ndi timu yomwe ambiri anakulira pomwepo kwa mphunzitsi Dawn Staley, ngakhale Cardoso anachokera ku Syracuse ndipo Te-Hina Paopao ku Oregon. Portal imatseka bowo limodzi kapena awiri, siimanga timu yonse. Iowa nayo yatenga mmodzi yekha woti atseke bowo lalikulu.

Kamtedza:
Tibwerere ku Iowa, poti mwatchula USC. Big Ten, ligi ya Iowa, tsopano ili ndi matimu 18 chifukwa USC, UCLA, Oregon ndi Washington alowa. Timu iliyonse isewera magemu 18 a mu ligi: kamodzi ndi aliyense, kawiri ndi timu imodzi, ndipo ya Iowa ndi Nebraska. Kutanthauza kuti ukagonja kwa wina palibe gemu yobwezera. Mwayi wa Iowa ndi woti USC ndi UCLA abwera ku Carver-Hawkeye Arena, komwe kumalowa anthu pafupifupi 15,000. Ulendo wakumadzulo ndi wa ku Oregon ndi Washington mu January, komwe nthawi ili m'mbuyo ndi maola awiri. Mpikisano wa Big Ten wa mu March, womwe Iowa yatenga mu 2022, 2023 ndi 2024, mu 2025 mulowa matimu 15 okha.

GogoWaZone:
Gemu yomwe idzationetse zenizeni msanga ndi ya Tennessee ku Brooklyn mu December. Mphunzitsi wawo watsopano Kim Caldwell, wochokera ku koleji ya Marshall, amapanikiza bwalo lonse gemu yonse ndipo amasintha osewera angapo nthawi imodzi kuti miyendo isatope. Ohio State ya Kevin McGuff nayo imadalira press. Chaka chatha West Virginia inaivutitsa Iowa ndi kutchinga kolimba mu ndime yachiwiri ya mpikisano wa NCAA, gemu n'kutha 64-54, pomwe Clark analipo.

Tiyamike_WBB:
Press imeneyi amaithyola bwanji?

GogoWaZone:
Muli ndi masekondi 5 olowetsa mpira m'bwalo ndi masekondi 10 oudutsitsa pakati. Timu inayo ikangogoletsa, wolowetsa mpira autole msanga adani asanaime m'malo, ndipo akumbukire kuti amaloledwa kuthamanga motsatira mzere wakumbuyo. Asaime kunsi kwa bolodi chifukwa imatchinga mpira wautali. Wolandira asalandirire pakona, apo mizere iwiri imasanduka otchinga owonjezera. Akalandira atembenuke kaye n'kuona bwalo, asayambe ndi kugunda mpira. Nthawi zonse akhale ndi njira zitatu: wina kumbuyo kwake, yemwe ndi wolowetsa uja, wina pakati pa bwalo, wina kutsogolo m'mbali. Awiri akamuunjirira, mpira ubwerere kumbuyo n'kuwolokera mbali ina, kapena ulowe pakati. Mpira ukafika pakati press yatha, chifukwa kutsogolo kumakhala atatu kulimbana ndi awiri, ndipo pamenepo muyenera kukagoletsa. Mukadutsa n'kuima kuti mukonze play, adani sataya kanthu ndipo apitiriza kukupanikizani.

Zomwe zimalakwika kawirikawiri ndi izi: kusiya kugunda mpira utangodutsa mzere wapakati, pomwe sungabwererenso m'mbuyo, kuponya mpira wokwera pang'onopang'ono pamwamba pa manja a otchinga, ndi olandira kudikira mpira m'malo moupita. Kwa Iowa, munthu wapakati woyenera ndi Affolter kapena Stuelke. Chodetsa nkhawa ndi wogwira mpira wachiwiri Olsen akatsekeredwa kapena akapuma. Kylie Feuerbach ndi Taylor McCabe si ma point guard enieni, ndiye katundu ameneyo akhoza kugwera atsopano ngati Aaliyah Guyton ndi Taylor Stremlow.

MwanaWaPaint:
McCabe ndiye asachoke m'bwalo. Ndi woponya ma three wabwino koposa mwa otsalawa.

Kamtedza:
Kuponya amatha, palibe wotsutsa. Chinamuchepetsera mphindi ndi kutchinga, poti Marshall amagwira ntchito yotsatira guard woopsa wa adani gemu iliyonse. Kumbukirani kuti ndi Marshall yemwe anapangitsa Aaliyah Edwards wa UConn kuimbidwira foul ya screen m'masekondi omaliza a semifainolo. Ntchito imeneyo tsopano ndi ya Feuerbach, yemwe ndi wamtali kuposa Marshall komanso wa manja aatali. Anaphonya nyengo yonse ya 2022-23 chifukwa cha bondo, chaka chatha amalowa m'malo, tsopano afunika mphindi pafupifupi 30. Jensen akafuna McCabe ndi Olsen limodzi kwa nthawi yaitali, akhoza kumasakaniza zone ya 2-3 (kutchinga malo osati munthu, awiri kutsogolo, atatu kumbuyo), koma zone imavuta pa rebound chifukwa palibe amene ali ndi munthu wake womutsekera.

BoxOutChe:
Ndi zomwe ndikunena. Timu yopereka ma rebound kwa adani imafa pang'onopang'ono. Shot clock ndi masekondi 30, mwatchinga bwino 28, aponya, aphonya, atolanso, wotchi ibwerera pa 20. Miyendo imathera pamenepo.

PickNdiRoll:
Ndipo kuthamanga konse kwa Iowa kumayambira pa rebound. Popanda mpira m'manja Stuelke athamangira chiyani? Apa pali chisankho china: ukatumiza anayi kukatola, wothamanga kutsogolo amatsala mmodzi, ukalola awiri kunyamuka msanga, umaluza mipira pansi pa ring yako. Clark amatola yekha ma rebound opitirira 7 pa gemu n'kuyamba ulendo pomwepo, osafuna kupatsiridwa. Tsopano pafunika outlet: wotola atembenukire kunja, Olsen adzionetse m'mbali motalikirako, cha pa mzere wa three kapena kupitirira, osati kubwera kudzatenga mpira m'manja mwa wamtali. Sekondi imodzi yotayika apo ndi yokwanira kuti adani abwerere onse.

Nachisale22:
Palibe watchula ma free throw a Stuelke.

Kamtedza:
Mwakumbutsa chinthu chofunika asisi. Chaka chake choyamba amaphonya oposa theka, chaka chatha anakwerako koma sanafike poti n'kumudalira. Mu basketball ya atsikana ya NCAA gemu ili ndi makota anayi a mphindi 10, ndipo timu ikafika ma foul asanu m'kota, foul iliyonse imapereka ma free throw awiri. Ngati mpira uzidutsa kwa iye kawirikawiri, adani azingomugwira m'malo momulola layup. Kumapeto kwa gemu yothinana zimavutanso kwambiri: m'mphindi yomaliza ya kota yachinayi timu ikaitana timeout imatha kukalowetsera mpira kutsogolo, ndiye ukaphonya free throw imodzi, adani amakhala ali kale pafupi ndi ring yako ndi masekondi okwanira.

Tiyamike_WBB:
Ndiye kuti alowe mu March afunika chiyani kwenikweni?

Ndaziona_7:
Mu March 2025 mulowa matimu 68. Wopambana mpikisano wa ligi yake amalowa basi, otsalawo amasankhidwa ndi komiti poona magemu omwe wapambana, mphamvu ya omwe wakumana nawo, ndi mndandanda wa NET, womwe NCAA imasanjira matimu. Mu ligi yolimba ngati Big Ten, kupambana oposa theka la magemu 18 aja, osagonja kwa matimu ofooka mu November ndi December, kumakhala kokwanira nthawi zambiri. Chomwe chili chovuta ndi kulowa m'matimu 16 apamwamba, omwe amasewera ndime ziwiri zoyamba pabwalo lawo. Iowa yakhala ikupindula nazo zimenezo zaka zapitazi. Chaka chino ndikuona ikupita kukasewera kwa eni ake mu ndime yachiwiri.

MwanaWaPaint:
Ine ndikuti ifika Sweet 16, ndime ya matimu 16 otsala. Heiden akafika February adzakhala atazolowera, ndipo Jensen sanalepherepo kukulitsa wamtali.

BoxOutChe:
Gustafson ndi Czinano sanawale chaka choyamba. Czinano chaka chake choyamba amangolowa mphindi zochepa kumbuyo kwa Gustafson. Aatali amachedwa, makamaka pa ma foul ndi potchinga pick and roll, pomwe woika screen amatembenukira ku ring.

GogoWaZone:
Zoona, n'chifukwa chake O'Grady ndiye ayambe. Ali chaka chachinayi, njira za Jensen amazidziwa, ndipo anasewerapo ndi Cardoso mu fainolo. Heiden apatsidwe mphindi 10 mpaka 15, makamaka kumapeto kwa kota yoyamba ndi yachitatu pomwe wamtali woyamba wa adani amakhala akupuma.

Nachisale22:
Zikomo nonse. Magemu oyamba ndiziyang'ana chiyani kuti ndidziwe ngati zikuyenda?

PickNdiRoll:
Musatengeke ndi mapointi pa matimu ang'onoang'ono. Onani ma turnover: akamapitirira 17 kapena 18 kwa timu yosapanikiza, Tennessee idzawapweteka. Onani komwe womutchinga Stuelke akuima iye akakhala pa mzere wa free throw, pafupi kapena masitepe awiri kumbuyo. Onaninso chomwe Olsen akuchita womutchinga akadutsa kunsi kwa screen. Yeso loyamba lenileni ndi gemu ya Virginia Tech ku Charlotte mu November.